Belu la Combo ca Mendi

Mwezi watha tinalandira kalata yocokera kwa mai wina wa ku Katete. Mwana wao wamwamuna, amene agwira nchito m'cipatala kum'mwera kwa England, wayamba masewera osambira pansi pa madzi, amene eni ake acha scuba diving. Wawatumizira cithunzi: wavala zakuda thupi lonse, botolo lacitsulo kumsana, zipsepse za mphira kumapazi, nkhope yosadziwika. Walembanso kuti akatsiriza maphunziro ake afuna kukaona zombo zimene zinamira kale. Amaiwo mtima uli m'mwamba, ndipo atifunsa zinthu ziwiri. Kodi uku si kudziitanira imfa? Nanga munthu woleredwa bwino angapite kukasewera pamalo pamene panafera anthu?

Tiyambe ndi funso loyamba, amai, pakuti ndilo lopepukirapo.

Ife amene tinakula tikusambira m'maiwe a m'mitsinje tidziwa lamulo limodzi: ukafuna kufika pansi, koka mpweya, tseka pakamwa, ugwire. Tsono mwana wanu aphunzitsidwa kuiwala lamulo limeneli. Cipangizo cimene apumira, cimene Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan a ku France anacikonza mu 1943, cimpatsa mpweya wopanikizika molingana ndi kulemera kwa madzi amene ali pamwamba pace. Pa mamita 10 kupanikiza kumeneku kuwirikiza kawiri kwa kumtunda kuno. Munthu akakoka mpweya pamenepo, naugwira, nakwera pamwamba, mpweyawo utupa kawiri m'cifuwa ndipo mapapo angang'ambike. Ndiye cifukwa cace mphunzitsi abwereza mpaka ophunzira atatopa: puma kosalekeza, usagwire mpweya.

M'botolomo, kwa oyamba kumene, muli mpweya wamba womwewu tipuma, ndipo gawo lalikulu la mpweyawu ndi naitrojeni. Munthu akakhala pansi, naitrojeni alowerera m'magazi ndi m'minofu pang'ono-pang'ono. Akakwera mothamanga, cicitika ndi comwe cija cicitika mukatsegula botolo la Fanta limene mwana waligwedeza: thobvu, koma tsopano m'mfundo za mafupa, mu msana, nthawi zina mu ubongo. Ena apuwala nazo. Motero osambirawa akwera mwacifatse, aima pa mamita 5 kwa mphindi zitatu, ndipo sakwera ndeke mpaka patapita maola 12 kapena 18. Ici mucisunge, amai, kuti tsiku limene adzati ali kubwera kumudzi mudzamfunse kuti anatuluka liti m'madzi.

Maphunzirowa ali ndi makwerero ace. Ku bungwe la PADI, limene linayamba ku America mu 1966, cikalata coyamba cilola munthu kutsika mamita 18 okha, caciwiri 30, ndipo 40 ndiwo malire a onse osambira mwa masewera. Ayambira pa madzi osaya, kuphunzira kucotsa madzi m'magalasi a kumaso, kulankhulana ndi zala, ndi kugawana mpweya ndi mnzace ngati wina wamthera. Satsika munthu mmodzi yekha. Si za ku Ulaya kokha ai: pa nyanja ya Tanganyika ca ku Nsumbu, ndiponso ku Nkhata Bay ndi Cape Maclear pa nyanja ya Malawi, anthu atsika motere kukaona tinsomba tamawanga-mawanga ta m'miyala.

Koma combo comira ndi nkhani ina, ndipo apa mantha anu ali ndi pogwira. Pa madzi oyera munthu akaona zobvuta akwera. Mkati mwa combo muli denga. Matope amene akhala cete zaka makumi abvunduka ndi kukupiza kumodzi kwa phazi, ndipo nyali ingakhale yowala motani siithandiza. Khomo limene unalowera sulionanso. Muli waya, maukonde a asodzi amene anakodwa, ndi zitsulo zadzimbiri zimene zigwa zikakhudzidwa. Olowa mkati aphunzira padera: amanga cingwe pakhomo ndi kucimasula poyenda, anyamula nyali yapadera, ndipo mpweya augawa patatu, gawo lopitira, gawo lobwerera, ndi lacitatu losakhudza. Conco pomuyankha musamletse cabe, pakuti mwana wamkulu saletsedwa ndi kalata. Mumfunse ngati azungulira kunja kapena alowa mkati, ndipo ngati alowa, anaphunzira kwa yani.

Funso laciwiri latikumbutsa combo cina cimene cagona kufupi ndi kumene mwana wanu akhala, kum'mwera kwa cisumbu ca Isle of Wight, pa mamita pafupi-fupi 40. Dzina lace ndi Mendi.

Mu January 1917, nkhondo yoyamba ya dziko lonse iri mkati, Mendi ananyamuka ku Cape Town ndi amuna acikuda oposa 800 a gulu la South African Native Labour Corps. Sanali kuloledwa kugwira mfuti. Anali kupita ku France kukatsitsa katundu m'madoko, kukumba, kutema mitengo ndi kukonza miseu, monga momwe makolo athu kuno anasenzera katundu wa nkhondo yomweyo pa nchito ya tenga-tenga. Pa 21 February, m'bandakuca, nkhungu itaphimba nyanja, combo cacikulu cochedwa Darro, cimene cinali kuthamanga osaliza cenjezo, cinagunda Mendi m'nthiti. Pasanathe theka la ola Mendi anamira. Madzi a mwezi umenewo kumeneko azizira ngati cisanu ceni-ceni, ndipo ambiri mwa amunawo anali asanaonepo nyanja ulendowu usanayambe. Darro sanatsitse ngakhale bwato limodzi lopulumutsira anthu. Ena mwa opulumuka anatoledwa ndi combo cankhondo ca HMS Brisk cimene cinali kuwaperekeza. Anafa anthu 646, ndipo 616 mwa iwo anali ocokera kum'mwera kwa Africa. Woyendetsa Darro, Henry Stump, anapezeka wolakwa, ndipo cilango cace cinali kumlanda cikalata ca nchito kwa caka cimodzi. Caka cimodzi! Mitembo yocepa inapezeka m'magombe a England, France ndi Holland. Yotsalayo inakhala m'nyanja.

Tsono taonani mbali ziwiri za osambira pansi pa madzi. Kwa zaka zoposa 50 palibe amene akanaloza ndi cala kuti Mendi ali apa. Amene anatsimikiza kuti zitsulo zogona pamalopo ndi Mendi, mu 1974, anali wosambira, Martin Woodward. Pakadapanda anthu onga mwana wanu, adzukulu a amuna aja sakadakhala ndi malo okaponyapo maluwa. Koma mbiri itamveka, anabweranso ena amene anali kutsika ndi thumba. Mbale, mazenera amkuwa ndi tizitsulo tina zinacoka pansi pa nyanja ndi kukakhala pa mashelufu m'nyumba za anthu. M'zaka zimenezo ambiri sanali kuona colakwa. Anali kuti cogona m'nyanja ciribe mwini.

Ife kuno sitinganene tero. Kumanda salowako popanda kudziwitsa anyakwawa. Satemako nkhuni, ngakhale mudzi wonse usowe cophikira. Mbale kapena cikho cosiyidwa pa mtumbira cingakhale cokongola motani, palibe mwana amene acitola. Komanso sitinena kuti kumanda sapitako: tipita kukalimira, kukaika cizindikiro, kukaonetsa ana pamene pagona agogo ao. Maganizo athu tsono ndi akuti kupita kukaona combo cotere si mlandu, amai. Mlandu uli pa dzanja limene libwerako litanyamula kanthu, ndi pa munthu amene atsika osafuna n'komwe kudziwa kuti munali yani m'menemo.

Boma la Britain linafika pa ganizo longa lomweli mocedwa. Mu 2009 linaika Mendi pa mndandanda wa malo otetezedwa ndi lamulo losamala zotsala za ankhondo. Kutsika kukaona n'kololedwa. Kukhudza, kulowa mkati kapena kucotsa kanthu ndi mlandu. Ndipo pa kuya kotere nyanja yomwe iika malire ace: pa mamita 40 munthu wopuma mpweya wamba ali ndi mphindi zosakwana 10 asanayambe kukwera, ndipo naitrojeni amledzeretsa mutu ngati wamwa, kotero kuti ena aiwala ngakhale kuyang'ana mpweya umene watsala. Mwana wanu, ndi cikalata cace coyamba, akali kutali ndi Mendi.

Belu la comboco linali litasowa kale lamulo lisanabwere. Mu 2017 munthu wina wosachula dzina anadziwitsa mtolankhani wa BBC kuti apite pa doko la Swanage m'mamawa. Kumeneko anapeza belu lija litakulungidwa m'thumba, dzina la Mendi likuwerengeka bwino-bwino pa mkuwa. Tiganiza za munthu ameneyo kawiri-kawiri: zaka zonsezo belu liri m'nyumba, osatha kuliliza, osatha kulionetsa alendo momasuka. Mu August 2018 Theresa May, amene panthawiyo anali nduna yaikulu ya Britain, analipereka kwa Pulezidenti Cyril Ramaphosa ku Cape Town, mzinda womwewo umene comboco cinanyamukira.

Maina a amuna amene nyanja sinabweze analembedwa pa mwala wa cikumbutso ku manda a Hollybrook mu mzinda wa Southampton. Kumeneko kufikika pa basi, popanda botolo kumsana. Mukamyankha mwana wanu, amai, mumpemphe ayambe wapita kumeneko, awerenge maina aja mmodzi-mmodzi, ndipo akutumizireni cithunzi cimene nkhope yace ioneka.