ZA M'CHILENGEDWE: Kodi Golide wa Mphete ya Ukwati Adachokera Kuti?

Mwezi uno tikweze maso kumwamba. Pa ukwati woyera, abusa podalitsa mphete amakonda kutikumbutsa kuti golide sachita dzimbiri. Koma ndani wa ife adafunsapo kumene golideyo adasulidwira? Migodi ya ku Joni, kumene makolo athu ambiri adakhetsa thukuta, ndi nkhokwe chabe. Ng'anjo yake ili kutali ndithu.

Nyenyezi yaikulu kwambiri ikatha nkhuni zake imaphulika, ndipo chotsala chake chimafinyika kufikira chisanduka mpira wa makilomita pafupifupi 20 m'mimba mwake, komabe wolemera koposa dzuŵa lathu. Akatswiri amaitcha nyenyezi ya nyutroni. Nthaŵi zina nyenyezi ziŵiri zotere zimazungulirana zaka zosaŵerengeka, zikuyandikizana pang'onopang'ono, kufikira tsiku limene ziwombana.

Nanga chimaziyandikizitsa nchiyani? M'chaka cha 1916 Albert Einstein adapeza ndi masamu kuti zinthu zolemera zikamazungulirana zimatumiza mafunde m'thambo, monga mwala ukagwa padziŵe. Mafundewo amachoka ndi mphamvu, tsono nyenyezizo zimanka zifupikirana. Mu 1974 Russell Hulse ndi Joseph Taylor adapeza nyenyezi ziŵiri zotere, ndipo miyeso ya zaka zotsatira idavomereza masamu a Einstein.

Koma zochitika pa mphindi yotsiriza ya kuwombanako palibe munthu angaziŵerenge ndi pensulo, ndiponso palibe angaike nyenyezi patebulo kuti aziyese. Chifukwa chake akatswiri amamanga nyenyezizo m'kompyuta. Amagaŵa thambo m'timabokosi tambirimbiri, ndipo makinawo amaŵerengera m'kabokosi kalikonse kulemera, kutentha ndi liŵiro, nabwereza ntchitoyo kambirimbiri. Zimene zichitika kumwamba m'kuphethira kwa diso zimatha masabata pa makina aakulu. Mu 2000 Masaru Shibata ndi Koji Uryu a ku Japan adafalitsa chiŵerengero choyamba chotere chotsata malamulo onse a Einstein, ndipo mu 2005 Frans Pretorius, wobadwira ku South Africa, adachita chimodzimodzi ndi maenje akuda aŵiri. Ntchito ya iwo ndi anzao idalosera maonekedwe a mafundewo, idasonyezanso kuti zidutswa zotayidwa pa kuwombanako zingabale zitsulo zolemera monga golide, ndi kuŵala kofiira kozirala m'masiku oŵerengeka.

Anthu ameneŵa adagwira ntchito zaka zambiri osaona ndi maso chimene ankaŵerengera. Tsono pa 17 Ogasiti 2017 makina a LIGO ku America, mothandizidwa ndi a Virgo ku Italy, adamva mafunde kwa masekondi pafupifupi 100. Patapita masekondi 1.7, chombo cha Fermi chidaona kung'anima kwamphamvu. Pasanathe maola 12, oyang'ana nyenyezi ku Chile adapeza kuŵala kwatsopano m'gulu la nyenyezi lotchedwa NGC 4993, kumene kuŵala kumayenda zaka pafupifupi 130 miliyoni kuti kufike kuno. M'masiku otsatira kuŵalako kudafiira ndi kuzirala monga masamu adanenera. Umboni umenewu udasonyeza kuti kuwombana kotere ndi imodzi mwa ng'anjo zosula zitsulo zolemera za m'chilengedwe.

Tidziŵa kuti makolo ena amada nkhaŵa mwana akabwera kusukulu ndi nkhani zotere, poopa kuti sayansi imchotsa m'nyumba ya Mulungu. Abale, kudziŵa m'mene chimanga chimerera sikudatiletse kupereka masika. John Calvin yemwe, pomasulira buku la Genesis, adaphunzitsa kuti maphunziro a nyenyezi sayenera kutsutsidwa, popeza amaonetsa nzeru za Mlengi. Mwana akafunsa funso lotiposa, tisamkalipire, pakuti mwana wokalipiridwa amakafunsa kwina, ndipo pang'onopang'ono amayamba kuyesa kuti chikhulupiriro chimaopa mafunso. Kuli bwino kukhala naye pamphasa ndi kufufuza pamodzi.

Ndipo inu achinyamata amene mwataya mtima ndi masamu, taonani kuti akatswiri aja adayambira pa kuchulukitsa ndi kugaŵa kumene mukulimbana nako lero. Onaninso khalidwe lao: adalemba poyera zimene ankayembekeza chinthucho chisanaoneke, navomera kuti chilengedwe chiŵaweruze ngati alakwa. Kuona mtima kotere nkofunika m'kalasi, pamalonda ndi m'banja momwe.

Usiku wina wopanda mitambo tulukani pabwalo banja lonse, amai aonetse ana mphete yao, ndipo muyamike Iye amene adalenga nyenyezi ndi nzeru zoziŵerengera.