Za ku Kanyika: mgodi utha, zotsalira zikhala

Maiko opanga magetsi ndi mphamvu ya nyukiliya akhala akuvutika ndi funso limodzi: zotsalira za yureniyamu, zimene zimatulutsa cheza choopsa kwa zaka zikwizikwi, azisunge kuti? Dziko la Finland linayamba mu 2004 kukumba phanga la Onkalo, lozama mamita oposa 400 m'thanthwe. Zotsalirazo adzazitsekera m'mitsuko ya mkuwa yomatidwa ndi dongo, kuti zisakhudze madzi kwa zaka 100,000.

Ku Germany anachita changu. Pakati pa 1967 ndi 1978 anaika migolo ya zinyalala za nyukiliya pafupifupi 126,000 mu mgodi wakale wa mchere wa Asse. Mu 1988 madzi anayamba kuloŵamo, ndipo mu 2013 boma linakhazikitsa lamulo lofulumizitsa ntchito yotulutsanso migoloyo. Madzi akatayika saoleka.

Ife m'Malaŵi tilibe makina a nyukiliya, koma nkhaniyi ikutikhudza. Ku Kanyika, kwa Inkosi Mabulabo, kum'mwera kwa boma la Mzimba, kuli miyala ya niobium ndi tantalum yosakanikirana ndi yureniyamu. Kampani ya Globe Metals and Mining inalandira chilolezo cha mgodi mu 2021, nisainirana pangano ndi Boma mu 2023.

Zotsalira za mgodi siziopsa ngati za ku Finland, komabe zimasiyidwa pamtunda, pamene mvula imagwa chaka ndi chaka. Mwala wa yureniyamu umakhala ndi radium, imene theka lake limatha patapita zaka 1,600. Mgodi utha, kampani ipita, koma adzukulu a alimi a chimanga ndi fodya adzamwabe madzi a m'dera lomwelo.

Chitukuko tikuchifuna, choncho tikupempha zinthu zitatu. Bungwe loona za mphamvu ya atomu, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 16 la chaka cha 2011 loona za mphamvuyi, lizipima madzi ndi dothi kaŵirikaŵiri ndi kulengeza zimene lapeza. Ndalama zotsekera mgodi zisungidwe padera kuyambira pachiyambi. Mapu a malo otayira zotsalira asungidwe kwa Bwanamkubwa pa Mzimba, ndipo afotokozedwe kwa mafumu m'Chitumbuka ndi m'Chicheŵa.

Inu aphunzitsi, phunzitsani ana za cheza chimenechi, chimene sichioneka ndiponso sichinunkha. Malipoti amasoŵa m'maofesi, koma mwana wophunzitsidwa bwino adzachenjeza mdzukulu wake kuti pamalo paja sakumbapo chitsime.