Galu ndi Mphaka Nawonso ndi Antchito a Koperativa

Abale ndi alongo, tiyeni tifunsane. Usiku tikagona, ndani amalondera khola la mbuzi? Ndi galu. Chimanga chikayamba kukhwima, ndani amapirikitsa anyani ndi nguluwe? Ndi galu. Tikakolola n'kuika m'nkhokwe, ndani amalimbana ndi makoswe? Ndi mphaka. Awiriwa sanalembedwe m'buku la koperativa, koma amagwira ntchito chaka chonse. Nanga malipiro awo? Mkute wouma, kapena phala la gaga lopanda kanthu. Kenako timadabwa tikaona nthiti zili pamtunda ndipo ubweya ukusosoka.

Tsiku lina ku sukulu yathu ya akulu, bambo wina anabwera ndi kabotolo. Anagulitsa nkhuku kuti akagule kumsika. Wogulitsa anamuuza kuti ndi mavitamini, galu akangomwa anenepa. Kabotoloko kanali kokongola ndithu. Tinakopera mawu ake pabolodi ndipo tinawerenga limodzi, chilembo ndi chilembo. Tinapeza mawu a Chipwitikizi akuti "validade", amene amasonyeza tsiku limene mankhwala atha mphamvu. Tsikulo linali litadutsa kalekale. M'kalasi munangoti zii. Mayi wina ndiye anati, "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Ife tikuti: galu woonda sakusowa botolo. Akusowa chakudya, ndipo kawirikawiri ali ndi njoka zam'mimba. Zowonjezera pa chakudya chake zambiri zili kale pakhomo pathu. Ndalama yochepa imene tili nayo ipite kumene ikufunikadi.

Nsima ndi gaga zimapereka mphamvu, koma sizimanga thupi mokwanira. Munthu naye sangakhale ndi nsima yokha popanda ndiwo. Galu amafuna zomanga thupi, mafuta pang'ono, ndi zolimbitsa mafupa. Tizipeza kuti?

Choyamba, nsomba zazing'ono. A kufupi ndi nyanja ya Niassa ali ndi usipa. A ku Tete amadziwa kapenta wa ku Cahora Bassa. Nsomba izi zimadyedwa ndi minga yomwe, choncho zimamanga thupi ndi kulimbitsa mafupa nthawi imodzi. Mitu ndi zinyenyeswa zotsala pansi pa thumba tisataye. Tiziwiritse n'kusakaniza m'phala la galu. Ngati zili ndi mchere wambiri, tiyambe taziviika m'madzi.

Chachiwiri, makoko a mazira. Tiwawiritse, tiwayanike, tiwasinje mpaka akhale ngati ufa. Galu wamkulu amene sakupeza nsomba, theka la kasupuni ka tiyi patsiku ndi lokwanira. Tisapyole muyeso. Ana agalu akachulukitsiridwa zolimbitsa mafupa, mafupa awo amakula molakwika.

Chachitatu, zam'kati za nkhuku kapena mbuzi imene tapha. Tiziphike kaye, chifukwa zaziwisi zimafalitsa njoka zam'mimba. Chiwindi n'chabwino, koma kachidutswa kakang'ono kamodzi kapena kawiri pamlungu basi. Chikachuluka chimadwalitsa.

Chachinayi, nyemba zopsa bwino, maungu ndi mbatata zophika. Galu amadya zonsezi ndipo zimamuthandiza.

Mphaka ndi wosiyana ndi galu. Mphaka ndi wa nyama. M'nyama ndi m'nsomba muli chinthu chotchedwa taurine. Thupi la mphaka silipanga taurine wokwanira, ndipo m'chimanga kapena m'nyemba mulibe. Mphaka akamusowa amachita khungu pang'onopang'ono. M'chaka cha 1987 madokotala a ziweto a ku California anaonetsa kuti kusowa kwa taurine kumafooketsanso mtima wa mphaka. Mphaka wogwira mbewa amadzipezera yekha mbali ina. Koma wamkazi woyamwitsa, wamng'ono ndi wokalamba ayenera kupatsidwa tinsomba tophika kapena kanyama. Ena amati mphaka ukamudyetsa amasiya kusaka. Si zoona. Mphaka wathanzi amasaka ngakhale atakhuta, ndipo amakhazikika pankhokwe yathu m'malo mothawira kwa eni ena. Mkaka si wofunika. Amphaka ambiri aakulu amatsegula nawo m'mimba. Madzi oyera ndiwo asasowe.

Palinso zinthu zimene sitiyenera kupereka konse. Anyezi ndi adyo zimawononga magazi a galu ndi mphaka, choncho ndiwo zotsala zokhala ndi anyezi wambiri si zawo. Mafupa ophika a nkhuku amasweka mosongoka ndipo amabaya matumbo. Chimanga kapena mtedza wa chuku uli ndi poizoni wowononga chiwindi. Chimene takana kupatsa mwana chifukwa chawola, tisaponyere galu. Ndipo mankhwala a anthu ndi a anthu. Mbulu umodzi wa parasetamo, umene timamwa mutu ukamapweteka, ungathe kupha mphaka.

Wina adzaimirira pamsonkhano n'kunena kuti, "Ife tomwe ndiwo zikutisowa, ndiye tipatse galu?" Funso ili n'loona, tisaliseke. Mwana ayambe kudya, pamenepo palibe mtsutso. Sitikunena kuti tichotse nsomba m'mbale ya mwana. Tikunena za mitu, makoko ndi zam'kati zimene timataya kudzala. Tikunenanso kuti banja liwete agalu amene lingathe kudyetsa. Galu mmodzi wokhuta aposa asanu anjala. Wanjala amaba mazira, amagwira anapiye, amayendayenda m'midzi n'kumalumana ndi agalu achilendo. Kumeneko ndi kumene amatengako matenda.

Tsono ndalama ipite kuti? Ipite ku zinthu ziwiri zimene mphika wathu sungaphike.

Chinthu choyamba ndi mankhwala a njoka zam'mimba. Mwana wagalu wotupa mimba koma woonda miyendo, nthawi zambiri ndi njoka. Tikamudyetsa osamupatsa mankhwala, tikudyetsa njokazo. Galu wamkulu amafunika mankhwalawa miyezi 3 iliyonse. Muyeso wake umatsata kulemera kwa chiweto, choncho tifunse alangizi a ziweto.

Chinthu chachiwiri ndi katemera wa chiwewe. Apa pali moyo wa ana athu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, makamaka mu Africa ndi Asia. Pafupifupi onsewo amachitenga kwa agalu, ndipo 4 mwa 10 alionse ndi ana osafika zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, mankhwala ochiza palibe. Koma agalu 7 mwa 10 alionse m'dera akabayidwa katemera, matendawa amaleka kufala. Palibe vitamini, palibe muzu, palibe chakudya chimene chingalowe m'malo mwa katemera. Ndipo munthu akalumidwa, atsuke bala ndi madzi ndi sopo kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Kodi ndiye kuti mavitamini a m'botolo alibe ntchito? Ali nayo, pa nthawi yake. Galu amene wadwala nthawi yaitali, kapena wamkazi amene wafooka poyamwitsa ana ambiri, angafunike. Koma amene anene zimenezi akhale mlangizi wa ziweto amene wamuona galuyo, osati wogulitsa amene wangoona thumba lathu. Ndipo tisanapereke ndalama tiwerenge zinthu zitatu. Kodi palembedwa kuti ndi za "cão", ndiye kuti galu, kapena "gato", ndiye kuti mphaka? Kodi muyeso walembedwa? Kodi tsiku lotha mphamvu ladutsa? Botolo lopanda zolemba tilisiye pomwepo. Kale tinkangokhulupirira pakamwa pa wogulitsa. Lero tili ndi maso atsopano. N'chifukwa chake timakhala pansi madzulo, titatopa ndi khasu, n'kumaphunzira zilembo.

Mutu umodzi susenza denga. Pamsonkhano ukubwerawu tisankhe munthu mmodzi wodziwa kulemba. Alembe agalu ndi amphaka onse a m'mudzi, khomo ndi khomo, ndi tsiku limene anabayidwa katemera. Kalatayo ipite kwa alangizi a ziweto kuboma, kuti tsiku la katemera likafika pasatsale ndi mmodzi yemwe. Bambo wa kabotolo uja wavomera kale kugwira ntchitoyi. Akuti nkhuku yake inapita, koma yachiwiri sipitanso.

Tiyeni tidyetse alonda athu. Tiyeni titeteze ana athu. Nkhondo yolimbana ndi umbuli ipitirire!

Mafunso okambirana

1. Kodi pakhomo panu mumataya chiyani chimene galu kapena mphaka angadye?
2. N'chifukwa chiyani mphaka sangakhale ndi nsima yokha?
3. Tchulani zinthu 3 zoyenera kuwerenga pabotolo musanagule.
4. Lembani m'kope mwanu: Katemera wa galu ndi moyo wa mwana.