Tiwerengeni ndithu, koma musatifunsire pa mpopi

Ndiyambe ndi kuulula tchimo langa. Mu Sepitembala 2018, a kalembera atafika pa mpanda pomwe ndimachita lendi kuno ku Area 36, ine ndinanama. Anabwera mtsikana waulemu zedi, chiphaso chili pakhosi, kamakina kali m'manja. Atandifunsa kuti, "Bambo, m'nyumba mwanu mumagona anthu angati?" ine osaphethira n'komwe ndinati anayi. Chilungamo chake tinalimo asanu ndi awiri. Atatu enawo anali ana a achemwali anga amene anachoka kumudzi kudzasaka maganyu m'tauni muno, ndipo ankalowa kutada, n'kulawira mbandakucha ngati afisi.

Musafulumire kunditukwana. Pamene mtsikanayo ankafunsa, alandilodi athu anali ataima poteropo, ati akutunga madzi, koma ndowa inadzaza mpaka kusefukira iwo osaiona. Pa mpanda pathu bilu ya madzi timagawana potengera mitu ya anthu, ndipo lamulo la mayiwo n'lakuti nyumba ya zipinda ziwiri isapose anthu asanu. Ndikanati asanu ndi awiri, mwezi womwewo katundu wanga akanakhala ali panja. Tsono inu mukanatani?

Chomwe chimandiwawa n'chakuti zotsatira zitatuluka, mzinda wa Lilongwe unapezeka ndi anthu 989,318. Kunangoperewera anthu 10,682 kuti tikwane miliyoni imodzi. Nthawi zonse ndikaona nambala imeneyi ndimakumbukira anyamata anga atatu aja, n'kumadzifunsa kuti kodi ku Chinsapo, ku Mgona, ku Kawale, ku Biwi ndi ku Area 23 tinalipo angati amene tinabisa anthu chifukwa choopa khutu la landilodi.

Ambiri a ife timasokoneza kalembera ameneyu ndi kalembera wa mavoti kapena wa ziphaso za unzika. Ayi, uyu ndi wina. Uyu amachititsa ndi a ofesi ya National Statistical Office, NSO, imene likulu lake lili ku Zomba. Chilandirireni ufulu wodzilamulira, atiwerengapo kasanu ndi kamodzi: mu 1966 tinali anthu 4,039,583, kenaka anatiwerenganso mu 1977, 1987, 1998, 2008, ndipo mu 2018 tinapezeka tili 17,563,749. Pa zaka 52 zokha tinachuluka kupitirira kanayi, pomwe dziko ndi lomwe lija, silinatambasuke ndi phazi limodzi lomwe. Ngati mwambo wa zaka khumi ungatsatidwe, ndiye kuti mu 2028 adzagogodanso pa zitseko zathu.

Ntchitoyi siyamba tsiku lomwe mumawaona. Amayamba kale kujambula mapu, kuligawa dziko lonse m'tizigawo ting'onoting'ono toti munthu mmodzi angathe kuyenda khomo ndi khomo n'kumaliza m'masabata ochepa. Akatero amaphunzitsa owerenga, n'kupatsa aliyense kachigawo kake. Mu 2018 anayenda kuyambira pa 3 mpaka pa 23 Sepitembala, ndipo kanali koyamba kugwiritsa ntchito timakina tam'manja m'malo mwa mapepala. Mafunso ake ndi ambiri: dzina, zaka, kumene unabadwira, sukulu unalekeza pati, umagwira ntchito yanji, umapemphera kuti, ndiwe wa mtundu wanji. Amafunsa za denga ngati lili la malata kapena la udzu, kumene mumatunga madzi, chimbudzi chanu n'chotani, mumaphikira makala kapena magetsi. Amayi amawafunsa kuti anaberekapo ana angati ndipo amoyo alipo angati. Amafunsanso ngati pakhomopo panagwa maliro m'miyezi khumi ndi iwiri yapitayo. Zonsezi akaziphatikiza, zimatuluka ngati ziwerengero za boma, za dera, za mzinda. Dzina la munthu silimayenera kuoneka paliponse.

Ndipo ndisaname, kuwerengedwa n'kofunika, makamaka kwa ife a m'makomboni. Amene amagawa mipopi, makalasi, mankhwala ndi malo a misika sayenda m'tinjira tathu ta matope. Amayang'ana pa pepala. Kalembera wa 2018 ndiye anationetsa kuti theka la Amalawi ndi ana osakwana zaka 18, ndi kuti anthu 16 okha mwa 100 alionse ndiwo amakhala m'matauni. Pamene a Malawi Electoral Commission ankadulanso malire a madera a aphungu, kuchoka pa 193 kufika pa 229, kuchuluka kwa anthu m'dera kunali pakati pa zomwe ankayang'ana. Ndiye iwe mnzanga wa kaunjika, ukabisa anthu atatu, ine ndabisa atatu, uyo wabisa awiri, tisadzadabwe mwana akukhala pansi m'kalasi ya anthu oposa zana limodzi, kapena mayi akufola pa kiyosiki ya madzi kuyambira folo koloko m'mawa. Pa pepala la boma anthu amenewo kulibe.

Komabe amene amangoti anthu oopa kalembera ndi mbuli sadziwa mbiri ya dziko lino. Agogo athu anaphunzira kale kuti mzungu akamawerenga nyumba ndiye kuti msonkho uli m'njira, ndipo wolephera kukhoma ankakathera ku thangata. Ife a zaka zathuzi tikukumbuka nthawi ya chipani chimodzi, pamene sunkalowa mumsika kapena kukwera basi wopanda khadi, a yufi ataima pa geti. A Mboni za Yehova, amene chipembedzo chawo chinaletsedwa mu 1967, anazunzika chifukwa chokana khadi lomwelo, mpaka ambiri anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto analamulidwa kubwerera kwawo. Kuti zimenezi zitheke, panafunika munthu wodziwa kuti uje amapemphera kwakuti, uje kwawo n'kwakuti. Sindikunena kuti anali a kalembera amene anapereka mayina, ayi. Ndikunena kuti Mmalawi akamva funso loti "ndinu a mtundu wanji, mumapemphera kuti" n'kuyamba wameza malovu, ali ndi chifukwa. Mbuzi ikalawapo chikwapu, ngakhale mthunzi wa ndodo imauthawa.

Kunja nakonso zinachitikapo. Ku America, mu nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ofesi yawo ya kalembera inathandiza boma ndi zomwe inkadziwa za kumene kunkakhala anthu ochokera ku Japan, ndipo mu 1942 anthu pafupifupi 120,000 anakatsekeredwa m'makampu. Lamulo losunga chinsinsi linalipo, koma nkhondo itavuta analifewetsa. Ku Rwanda mu 1994, mawu amodzi olembedwa pa chiphaso, Hutu kapena Tutsi, ankagamula za moyo wa munthu pa rodibuloko. Dziko la Nigeria pa kalembera wa 2006 linangosiyiratu kufunsa za mtundu ndi chipembedzo.

Kuno kwathu funso la mtundu lilipo. Mu 2018 anatiuza kuti Achewa ndi 34.4 peresenti, Alomwe 18.9, Ayao 13.3, Angoni 10.4, Atumbuka 9.2, ena n'kumatsatira. Ine ndifunse: nambala zimenezi zinamangitsapo chipatala chiti? Mjigo sufunsa kuti womwa ndi Msena kapena Mtonga. Amene ndimawaona akuziloweza pamtima nambalazi ndi andale, powerengetsera mavoti nthawi ya kampeni. Ndiponso kuno ku 36 funsoli ndi lovuta kuyankha. Mwana wanga bambo ake ndi Mngoni wa ku Ntcheu, mayi ake ndi Myao wa ku Mangochi, iye anabadwira kuno ndipo chilankhulo chomwe amachidziwa n'cha pa siteji ya minibasi. Ameneyu mumulemba chiyani? Alipo ophunzira amene amati popanda funsoli sitingadziwe ngati mtundu wina ukusalidwa pa ntchito ndi pa maphunziro. Mfundo yawo ndaimva ndipo si yopusa. Koma ngati ndi choncho, atiuze poyera kuti nambalazo anazigwiritsa ntchito yanji chiwerengereni, ndipo munthu akhale ndi ufulu wonena kuti funso ili lokha sindiyankha.

Pali funso lina limene limandisowetsa tulo kuposa la mtundu. Mu 2018 kalembera anafunsa ngati pakhomo pali munthu wachialubino, ndipo anapezeka anthu 134,636. Kale anthu ankangoyerekeza kuti alipo pakati pa 7,000 ndi 10,000. Taonani kusiyana kwake! Apa kalembera anagwira ntchito yotamandika, chifukwa amene amagula mafuta oteteza khungu ku dzuwa tsopano sangathenso kunamizira kusadziwa. Koma kumbukirani nyengo yake. Kuyambira kumapeto kwa 2014 abale athuwa ankasakidwa ngati nyama, ndipo pofika mu 2016 a Amnesty International anali atawerenga anthu osachepera 18 ophedwa. Tsono taganizani mndandanda wosonyeza dera, nyumba ndi zaka za mwana aliyense wachialubino m'dziko muno. M'manja mwa dokotala ndi mankhwala. M'manja mwa chigawenga ndi mapu. Mayi amene anabisa mwana wake kuchipinda tsiku limenelo ine sindingamuweruze.

Adzatiyankha kuti lamulo lilipo, ndipo n'zoona. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wosungiridwa chinsinsi. Lamulo la National Statistics Act la 2013 limatikakamiza ife kuyankha mafunso, komanso limamanga ogwira ntchitoyo kuti asunge chinsinsi, ndipo zomwe tayankha zisatuluke mwa njira yoti munthu n'kuzindikirika. Mu 2024 kunabweranso lamulo la Data Protection Act, loyang'anira momwe mabungwe ndi makampani akusungira mbiri za anthu, ndipo udindo woliyang'anira unapatsidwa kwa a MACRA. Pa pepala tili bwino zedi.

Koma amene analemba malamulowa ndikuganiza kuti ankaona nyumba ya ku Area 10, ya geti ndi galu, kumene mlendo amakhala pa sofa chitseko chili chotseka. Kuno mpanda umodzi uli ndi mabanja asanu ndi atatu, khoma lake la njerwa imodzi, mnzako akatsokomola umamupepesa uli m'nyumba mwako. Wowerenga amakhala pa khonde, ana a mpanda wonse amuzungulira, amayi akutsuka mbale chapafupi, ndipo amene walumbira kusunga chinsinsi ndi mmodzi yekha pa anthu makumi awiri amene akumva. Ndinaona ndi maso anga mayi wina wachitsikana, woyandikana nafe, akufunsidwa kuti anaberekapo ana angati, apongozi ake ali pomwepo akusankha nyemba. Mayiyo anali ndi mwana wina amene anamusiya kwa amayi ake kumudzi, wa bambo wina, nkhani imene apongoziwo sankaidziwa. Anayang'ana pansi n'kutchula nambala yochotsera. Palibe anaba kamakina, palibe anathyola kompyuta ya ku Zomba. Chinsinsi chinali pa ngozi pa khonde pomwepo, ndipo chiwerengero cha dziko chinalakwika pomwepo.

Za makinazo nazonso tisazitenge mopepuka. Pepala kuti ulibe umafunika lole. Za mu kompyuta zimakwana m'kanthu kobisa m'thumba la malaya. Ndipo masiku ano mbiri zathu zili mbwee. Mu 2017 a National Registration Bureau analemba anthu oposa 9 miliyoni, kutijambula nkhope ndi zidindo za zala. Mu 2018 tinauzidwa kulembetsa manambala a foni, ambiri a ife ndi chiphaso chomwecho. Chiphaso chomwecho ndi cha ku banki, cha mavoti, cha feteleza wotsika mtengo. Wogulitsa tomato amene ndalama zake zimadutsa pa foni ali ndi chifukwa chofunsa ngati yankho lake loti "ndimachita geni" silidzakumana tsiku lina ndi buku la a msonkho. Khoma lolekanitsa kalembera ndi mabuku enawa liyenera kukhala lalitali, ndipo atiuze mwa Chichewa chomveka, pa wailesi, kuti mayina athu amawachotsa liti, amasungidwa kuti, ndipo ali ndi kiyi ndani.

Inu ophunzira a m'makoleji, ambiri mwa amene adzanyamule timakina mu kalembera akubwerayu mudzakhala inu ndi anzanu amene angomaliza sukulu. Pemphani kuti asadzakutumizeni kukawerenga mdadada womwe mumakhala, chifukwa ine sindingauze mwana wa neba wanga za maliro ndi matenda a m'nyumba mwanga. Mukafika pa mpanda, yambani mwapempha alandilodi ndi a mfumu a mdera kuti aime patali, ngakhale ndi iwo akulondolerani njira. Mafunso a uchembere funsani mayi ali yekha. Mukatero mudzachedwa, inde, ndipo okuyang'anirani adzakhala akukufulumizitsani, koma kuthamanga kotani kobwera ndi nambala zabodza?

Anyamata anga atatu aja, mmodzi anabwerera kumudzi, wina ali ku Joni, wachitatu anakwatira ndipo akuchita lendi ku Area 25, pa mpanda pomwe naponso madzi amagawana potengera mitu. Ine ndikadali pa mpanda womwe uja, alandilodi ndi omwe aja, mpopi uli malo omwe aja. A kalembera akadzabweranso ndatsimikiza kudzanena zoona, koma ndidzayamba ndawalowetsa m'nyumba n'kukhoma chitseko, wailesi ndidzakweza, ndipo mayiwo akadzafunsa ndidzati ndi mlamu wanga wabwera kudzakamba za chinkhoswe.