Zidole za mwana zikhale ndi pake, ngati katundu wa pa benchi

Inu anzanga a geni, ndikufunseni: kodi pa benchi panu mumasakaniza tomato ndi sopo? Ayi ndithu. Usipa uli pake, mchere uli pake, tchenji ili m'chikwama cha m'chiuno. Nanga bwanji kunyumba pabalaza pamaoneka ngati belo la kaunjika longomasulidwa kumene?

Ine ndimakhala kuno kwa Mlonyeni ku Mchinji, kufupi ndi chipata cha Mwami cholowera ku Zambia, m'nyumba imodzi ndi achimwene, alamu ndi kamwana kawo ka zaka ziwiri. Pabalaza pathu ndi podyera, ndi pogona alendo ochokera ku Chipata, ndiponso ndi posungira matumba a mtedza. Kuonjezera apo pali galimoto yawaya, mpira wa majumbo, zitsekerero za mabotolo ndi chidole chopanda mkono. Ndikudziwa kuti kwa Chinsapo, ku Ndirande ndi ku Mchesi zinthu zili chimodzimodzi.

Nkhaniyi si ya ukhondo wokha ayi. Magetsi akathima, agogo akaponda kagalimoto mumdima, ndiye kuti ndalama za mpamba zathera pa ulendo wa kuchipatala. Ndiye tamvani zomwe alamu anga amachita, nzeru zake zochokera kumsika komweko.

Choyamba, zidole zili ndi nyumba yake. Katoni imodzi ya sopo, dengu kapena beseni lakale, basi. Ikhale pansi pomwe mwana angafikire yekha, pakona pamodzi, pambali pake pali kamphasa. Konayo ikhale kutali ndi mbaula, kutali ndi ndowa ya madzi, kutali ndi khomo. Mwana wongoyamba kuyenda akagwera chamutu mu ndowa satha kudzitulutsa, ngakhale madzi atakhala ochepa.

Chachiwiri, wageni wanzeru sayala katundu yense tsiku limodzi. Tulutsani zidole zitatu kapena zinayi, zina mubise pamwamba. Pakatha sabata sinthani. Mwana amazilandira ngati mwangopikula kumene, chonsecho simunaononge ngakhale tambala.

Chachitatu, sankhani ngati mmene mumasankhira tomato woola. Chilichonse chotha kulowa chonse mkamwa mwa mwana wosakwana zaka 3 chisapezeke mu katoni: mikanda, ndalama zachitsulo, zitsekerero, matayala oguluka. Mtedza wogwa m'thumba nawonso umatsamwitsa, choncho sesani mukatha kuyeza. Galimoto yawaya muyipinde nsonga, kapena muyisungire akuluakulu ake.

Choopsa kwambiri ndi timabatire tobulungira ngati batani, tija timakhala m'zidole zoyimba ndi zowala. Mwana akameza kamodzi, kakakakamira pakhosi, kamatha kuotcha njira ya chakudya m'maola awiri okha. Musamusanzitse, musadikire kuti kuche. Thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Pogula, onani ngati chotsekera batire chili chomanga ndi sikuluwu.

Ndipo inu ogulitsa zidole, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pa mapaketi ambiri pali chizindikiro cha nkhope ya khanda m'bwalo lofiira lodulidwa ndi mzere, polembedwa 0-3. Tanthauzo lake nlakuti chidolecho si cha mwana wosakwana zaka 3. Funsani kasitomala zaka za mwana musanalandire ndalama. Phindu la tsiku limodzi lisakusandutseni opereka chipepeso.

Komanso katundu wa geni ndi zidole asagonere limodzi. Mankhwala othira m'chimanga, tameki wa makoswe ndi parafini wa m'botolo la zakumwa zikhale pamwamba kapena mokhoma. Kwa mwana, botolo lililonse ndi Fanta.

Chomaliza, kuweruka. Monga mumalongedza benchi dzuwa likapendeka, mwana naye azilongedza nsima isanafike. Alamu amangoti "tiyeni tiweruke", kamwana nkumaponya chimodzichimodzi mu katoni, ife tikuwomba m'manja. Masiku oyamba kankalira, lero kamakalipira ngakhale bambo ake akasiya nsapato pakati pa nyumba. M'mera mpoyamba.

Lamuloli likhale la nyumba yonse. Amalume asamakhuthule katoni pofuna kusangalatsa mwana kenako nkunyamuka, ntchito nkusiyira mayi amene wachoka kumsika miyendo itatupa. Wamwaza, atole.

Katoni yopanda kanthu muli nayo kale kuseri kwa benchi. Madzulo ano musaitaye, pitani nayo kunyumba. Tionana sabata yamawa.