Nyama ya pa Kamtengo: Aliyense Alandire Kake

Ife a m'cigwa ca Luangwa tidziwa kuti nyama ya ng'ombe ndi mlendo wobwera mwa kamodzikamodzi. M'maiko a mafumu athu a Nsefu, a Kakumbi, a Mnkhanya, a Jumbe, a Msoro ndi a Malama, makola a ng'ombe ndi owerengeka cifukwa ca kashembe, nchenche ija yopatsa ziweto matenda oondetsa mpaka kufa. Motero nyama yambiri imene tigula m'boma lathu la Mambwe icokera kumtunda. Imafika ili yodula, nthawi zinanso yolimba, pakuti ndi ya ng'ombe zokalambira pa goli.

Nanga kilo imodzi ikalowa m'nyumba, imatha bwanji? Tinazolowera kuti nthuli zazikulu zipite m'mbale ya atate, ana natsala ndi msuzi. Atate ena amathera ndalama pa michopo ya kumsika, nadya okha. Komatu makolo anati cakudya sicicepa, cimacepa ndi cobvala. Ndiye lero tikambe za kuocha nyama pa timitengo, imene ku Turkey ndi kwa Aarabu amati kebab, ku Tanzania mishikaki. Ubwino wake ngwakuti timitengo timawerengeka, ndipo palibe womanidwa.

Dulani nyamayo m'tinthuli tofanana, kalikonse ngati bokosi la macisi. Kilo imodzi ipereka tinthuli pafupifupi 40, tokwanira timitengo 10. M'mbale yoyera sakanizani madzi a mandimu awiri, masupuni atatu a saladi, anyezi mmodzi wosinja, adyo, tsabola ndi mcere. Ngati nyama ili yolimba, onjezani masupuni awiri a papaya waiwisi wosinja. Mandimu amakometsa ndi kufewetsa pamwamba pokha, koma utomoni wa papaya uli ndi mphamvu yomasula minofu yeniyeniyo. Ncifukwa cake ena amakulunga nyama m'masamba a papaya asanaiphike.

Bviikani nyamayo, mubvundikire, muike pamalo ozizira, koma lisapitirire ola limodzi. Papaya akakhalitsa amasandutsa nyama phala. Ndiponso m'mwezi wa Okutobala kutentha kwa kuno kumapitirira madigiri 40, ndipo nyama yaiwisi sicedwa kuonongeka. Amene muli ndi firiji mungasiye papaya, nyamayo nigona m'mandimu usiku wonse.

Timitengo tabwino ndi ta nsungwi, tosongola ndi kubviikidwa m'madzi theka la ola kuti tisapse. Musayese nkhadze kapena mtengo wina wa utomoni woyera, cifukwa yambiri yotere ili ndi ululu. Tungani tinthuli tinai pa kamtengo kalikonse, mosinthanitsa ndi zibenthu za anyezi ndi tsabola wobiriwira wosawawa. Apa mpamene nyama yocepa ioneka yocuruka.

Pa mbaula, dikirani kuti malawi athe ndipo makala ayere phulusa pamwamba. Makala a mupani amasunga moto nthawi yaitali. Tembenuzani timitengoto kawirikawiri kwa mphindi 10 mpaka 15, kufikira mwazi utatha mkati. Madzi otsala m'mbale aja anakhudza nyama yaiwisi, conco musawathire pa nyama yakupsa. Awiritseni bwinobwino pamodzi ndi matimati, akhale msuzi wodyera nsima.

Tidziwa kuti wina adzati: bwanji kugula ng'ombe yodula pamene kutsidya kwa mtsinje kuli nyama zambirimbiri? Abale, South Luangwa inakhala paki ya boma mu 1972, ndipo kupha kapena kusunga nyama ya m'thengo popanda cilolezo ndi mlandu wotengera munthu kundende. Kumbukaninso za mu 2011, pamene anthu mazanamazana a m'boma la Chama anadwala anthrax atasenda ndi kudya mvuu zofa zokha, ena namwalira. Nyama yofa yokha, ya m'thengo kapena ya m'khola, mandimu sangaiyeretse. Ng'ombe ikasowa, mbuzi yathu ya pakhomo imakoma cimodzimodzi pa kamtengo.

Tsiku limenelo mwana wina asongole nsungwi, wina atunge, atate akhale pa mbaula, amai apumuleko. Pogawa, yambani ndi wamng'ono kopambana, ndipo agogo muwasankhire kamtengo kofewa.