Kafukufuku wa mankhwala azitsamba akuchuluka, koma akutsimikiza chiyani?

Pamsika wa Chiponde, m'malire a Mangochi ndi Mandimba ku Mozambique, simungasowe mizu, makungwa ndi mabotolo a mankhwala azitsamba. Masiku ano ogulitsa ena, pamisika ngakhale pa WhatsApp, amakukopani ndi mawu akuti "asayansi anafufuza kale". Musanatulutse ndalama, dziwani kuti kafukufuku ali ndi magawo, ndipo si gawo lililonse limatsimikiza kuti mankhwala amachiza.

N'zoona kuti zolemba za akatswiri pankhaniyi zachuluka. Chidwi chidakula m'chaka cha 2000 pomwe nduna za zaumoyo mu Africa, pansi pa bungwe la WHO, zidagwirizana zolimbikitsa mankhwala achikuda. Kuyambira 2003, pa 31 Ogasiti ndi tsiku lokumbukira mankhwalawa. Maiko amene amasindikiza kwambiri ndi South Africa ndi Nigeria.

Gawo loyamba ndi kufunsa asing'anga n'kulemba mayina a mitengo ndi matenda omwe akuti imachiza. Kuno kwathu ntchitoyi njakale: Jessie Williamson adatulutsa buku la zomera zothandiza mu 1955, ndipo Brian Morris adalemba Chewa Medical Botany mu 1996. Mabuku otere amasunga nzeru za makolo, koma amangonena zomwe anthu amagwiritsa ntchito.

Gawo lachiwiri ndi la mu labotale kapena pa makoswe. Chitsanzo ndi gondolosi. Mu 2008, Fanuel Lampiao ndi anzake adapeza kuti amawonjezera liwiro la mbewu ya abambo. Koma adayesera mu labotale, osati m'thupi la munthu wotafuna muzuwo.

Gawo lachitatu, loyesa pa odwala enieni kuti adziwe mlingo woyenera ndi kuopsa kwake, ndi lodula komanso lotenga zaka. Apa ndiye zolemba zimachepa kwambiri. Koma njira yake ndi yomweyi. LA amene mumalandira kuchipatala mukadwala malungo, yemwe Malawi adayamba kugwiritsa ntchito mu 2007, gwero lake lina ndi chitsamba cha ku China cha Artemisia annua. Tu Youyou adalandira mphotho ya Nobel mu 2015 chifukwa cha ntchitoyo. Chitsamba chomwecho chidali mu Covid-Organics wa ku Madagascar mu 2020, yemwe adalengezedwa umboni usanapezeke, ndipo WHO idachenjeza kuti ayesedwe kaye.

Kafukufuku amaululanso zoopsa. Mu 2018, Collins Zamawe ndi anzake adasindikiza zomwe adapeza ku Mchinji: pafupifupi mayi mmodzi mwa anayi adamwa mwanamphepo ali woyembekezera, ndipo mavuto a uchembere ndi imfa kapena matenda a makhanda zidali zochulukirapo mwa amene adamwa. Izi sizikutsimikiza kuti mwanamphepo yekha ndiye adachititsa, koma ndi chenjezo lokwanira. Vuto n'lakuti zolemba zotere zimatuluka m'Chingerezi, osati m'Chichewa kapena m'Chiyao, choncho sizifika kwa azamba, asing'anga ndi amayi akumudzi omwe nkhaniyo ikuwakhudza.

Tsono wina akakuuzani kuti mankhwala ake adafufuzidwa, mufunseni: adayesedwa pa anthu kapena pa makoswe? Adafufuza ndani, ndipo liti? Kodi bungwe loona za mankhwala la PMRA likuwadziwa? Ngati mukumwa ma ARV, mankhwala a shuga kapena a BP, musasiye chifukwa cha botolo lapamsika. Mukapita kuchipatala, auzeni adokotala zitsamba zonse zomwe mukumwa, chifukwa zina zimasokoneza mphamvu ya mankhwala akuchipatala.